Zoti mukaode zitenje kufakitale konko

Achemwali, mwafunsa kuti fakitale ya zitenje imayenda bwanji, komanso ngati n'zotheka kuwadumpha a mashopu a ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, n'kukaoda kufakitale konko kuti phindu lichuluke. Aliyense wongoyamba kumene geni ya ku Dar es Salaam amabwera nayo nzeru imeneyi, ngati kuti ife zaka zonsezi tinali m'tulo.

Fakitale si shopu yaikulu ayi. Ndipo chimene mukuchitcha fakitalecho kawirikawiri si malo amodzi. Thonje, kaya la ku Balaka kaya la ku Shinyanga ku Tanzania, limayamba lapita kwa ochotsa nthangala, iwo n'kulimanga m'mabelo. Ena apote ulusi. Ena aombe nsalu, yotuwa, yopanda duwa ndi limodzi lomwe. Kenako ndiye kumabwera oyeretsa ndi odinda. Makampani akale monga David Whitehead ya ku Blantyre, imene a Mapeto anaigula mu 2003, kapena Urafiki ya ku Ubungo mu Dar es Salaam imene Matchaina anathandiza kumanga n'kuitsegula mu 1968, anawamanga kuti kupota, kuomba ndi kudinda zizichitikira mumpanda umodzi. Koma alipo ambiri amene amangoitanitsa nsalu yotuwayo ku India kapena ku China, iwo n'kudinda basi. Zimenezi zisungeni pamtima, chifukwa n'zimene zinandiliza ine.

Ndinalowamo ine m'chipinda chodindira, si zongomva. Nsalu imayenda pa lamba wamtali, pamwamba pake pakugudubuzika mipukutu yachitsulo ya timabowo tosaoneka ndi maso, utoto ukutulukira m'timabowomo. Mtundu uliwonse uli ndi mpukutu wake. Chitenje cha mitundu isanu, mipukutu isanu, ndipo uliwonse azokote duwa lanulo padera. Kusintha duwa ndiye kuti makina aime, atsuke, asakanize utoto wina, ayese mpaka mitundu ikhale pamalo pake, nsalu yoyambirira ija n'kuwonongeka. Ndalama yaikulu imathera pamenepo, makina asanatulutse chitenje chogulitsa. N'chifukwa chake wa mu ofesi yogulitsa akamva kuti mukufuna zidutswa 200 amangokupatsani nambala ya ejenti wawo. Ejenti amatenga mabelo, a mashopu amatenga kwa ejenti, ife n'kutenga kwa a mashopu. Pageti mlonda sakulolani n'komwe kuima.

Ine ndinafika pagetipo chifukwa cha amayi a mpingo wina amene ankafuna chitenje chawochawo cha chikondwerero, chokhala ndi chithunzi cha tchalitchi ndi vesi. Anasonkha ndalama, nandipatsa theka. Kufakitale yaikulu ananditchulira mamita amene mpingo wonse ndi alendo omwe sakanawamaliza. Potuluka ndiye anandikola dalali, mkhalapakati wa malonda, waulemu wake, Chichewa chake chothyokathyoka, ati mama usalire, ndikudziwa malo aang'ono amene amadinda usiku. Sampulo imene anandionetsa inali yokongola, buluu wake wa boo. Ndinaichapa kunyumba ya alendo, madzi ali mbee. Ndinalipira.

Katundu anabwera atamangidwa kale m'mabelo, basi ili pafupi kunyamuka. Nsalu yolimba gwa, yonyezimira. Pepala losonyeza kumene katundu wapangidwa analonjeza kuti alitumiza pafoni. Mpaka lero.

Pachipata cha m'malire ndiye ndinakumana ndi bwana wina wa msonkho amene nkhope yake sindidzaiiwala. Anang'amba belo ndi lumo, n'kuchekera nsalu yanga yomwe, osapepesa. Anayang'ana m'mphepete mwa chitenje, ati ichi anaomba kunja, kuno angodindako, ndiye zochotseredwa msonkho pa mgwirizano wa SADC muiwale, mulipira msonkho wonse. Invoisi yanga anaikankhira pambali ngati pepala lokulungira mandasi, n'kulemba mtengo wa m'mutu mwake. Pamene wina wa lole yodzaza, amene anapatsana naye moni wa m'thumba, anadutsa ine ndikuona. Kuti ndiyankhule, ati mayi mukundiphunzitsa ntchito? Katundu m'nyumba yosungira, ndalama yosungira ikukwera tsiku ndi tsiku. Ndili pakati pothamanga kusaka ngongole, kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, mu November 2023 uja. Msonkho anauwerengeranso pa mtengo watsopano. Banki mkhonde inali itandipatsa kale, ndiye ndinagwa m'manja mwa wakatapila.

Ndinautulutsa katunduyo. Amayi anavala, anavina, anajambulitsa. Lolemba lake foni inayamba kulira. Buluu yense anatsalira m'mabeseni, mabulauzi oyera asanduka a mtundu wina, vesi losawerengeka. Chinachitika n'chakuti utoto ukadindidwa nsalu imayenera kudutsa mu nthunzi yotentha kuti ugwire, kenako ichapidwe kuti wotsala uchoke. Zimenezo zimadya magetsi, madzi ndi nthawi. Anyamata a usiku aja anadumpha, n'kuthira sitachi wambiri kuti nsalu yopyapyala ioneke yolemera. Sampulo ija anapanga mwa ndondomeko yake, mabelo ayi. Mayi wapampando anabwera kunyumba kwanga ndi ndowa ya madzi a buluu, naikhazika pakhonde osanena kanthu.

Ndinawabwezera ndalama yawo yonse, tambala osatsala, ndipo mufunse aliyense mumsika ngati alipo amene ndinamuthawa ndi ngongole. Furiji inapita, mashini osokera anapita. Zotsala ndinakagulitsa m'misika ya kumidzi pa mtengo wa sanza. Lero amayi omwewo amaoda kwa ine, chifukwa chitenje ndimachidziwa ndi zala, nditatsinzina.

Ngati mwalimbikirabe, yendani ndi kansalu koyera m'chikwama. Kanyowetseni, mutikite pa chitenje cha m'kati mwa belo, osati chimene akupatsani m'manja. Tembenuzani muone kuseri ngati duwa lalowerera. Mawu a m'mphepete aja musawakhulupirire, makina amadinda chilichonse, ngakhale dzina la Holland pa nsalu imene sinaione Helmond, tauni ya ku Holland kumene kampani ya zitenje ya Vlisco imapangira zake. Funsani ngati akuyeza mayadi kapena mamita, chifukwa yadi imaperewera pafupifupi masentimita 9, ndipo pa belo lonse kasitomala wanu adzati mwamubera ndinu. Fakitale iliyonse imakhala ndi giredi yachiwiri, za maluwa ophonyana ndi madontho, ndipo imazigulitsa motchipa poyera. Zimenezo si zoipa, ine ndimazitenga za kumidzi, bola mudziwe kuti n'zimene mukugula, chifukwa pali ena amazipinda bwinobwino n'kuziika pakati pa zabwino.

Pepala la kumene katundu wachokera likhale m'manja mwanu musanakwere basi, la SADC osati la COMESA, poti Tanzania inatuluka mu mgwirizano wa zamalonda wa COMESA mu 2000. Za mitengo ya thiransipoti ndi malo ogona musandifunse pano, ndi angati amene ndinawauza n'kukandilanda makasitomala.