Musanandipatse ndalama ya ampu, tiyeze kaye sipika yanu

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: momwe ife oyenda ku Tanzania timabweretsera zoimbira kuno ku Mzuzu, komanso ampulifaya yoyenera bokosi la besi lomwe mwakhoma nokha, la sipika ya mainchesi 12, loti muzionera mafilimu pabalaza. Ndiyankha zonse pamodzi chifukwa pa geni yathuyi ziwirizi sizilekana. Katundu wamagetsi akaoloka Songwe sabwereranso. Mwini shopu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, akhoza kulonjeza kuti ikavuta mubwere nayo, koma ndani angalipire basi mpaka Dar es Salaam kukabweza ampu imodzi? Choncho zonse ziyenera kudziwika ndisananyamuke, ndipo choyamba ndi ma ohm (Ω) a sipika yanuyo, muyeso wa momwe sipika imakanizira magetsi kudutsa.

Ulendo wake ndi wodziwika. Timatsata M1, kutsika Chiweta, kudutsa Chilumba ndi Karonga mpaka pa Songwe. Mukadinditsa n'kuoloka mlatho mwafika pa Kasumulu. Anzathu ooda zitenje, nsapato ndi ziwiya ambiri amathera pa Kyela kapena ku Mbeya, koma zamagetsi zoti munthu asankhe momasuka zili ku Kariakoo, makilomita opitirira 800 kuchokera ku Mbeya. Zambiri mwa izo ndi za ku China, zimangotsikira pa doko la Dar. N'chifukwa chake pobwera timalipira msonkho kwa a MRA pa Songwe. Mwayi wa msonkho wa SADC ndi wa katundu wopangidwa m'maiko a dera lino, wokhala ndi chikalata chotsimikizira komwe anapangidwa, osati ampu ya ku China yomwe yangodutsa pa Tanzania. Lisiti ya ku shopu ndi mapepala a pa boda ndimasunga ngati ndalama, poti pamsewu pali marodibuloko ndipo amafunsa. Anyamata okunong'onezani zooloketsa katundu pamtsinje usiku mudzawapeza. Ine ayi. Katundu akagwidwa, mpamba wonse wapita, pamodzi ndi ndalama za anthu omwe anandikhulupirira.

Mtengo womwe ndidzakuuzeni ndi wa ku shopu, msonkho, kunyamula, pogona, ndi kaphindu kanga. Sindiumanga lero chifukwa kwacha imayamba yasanduka shilingi, ndipo mukukumbukira mu November 2023 pomwe inagwetsedwa ndi 44 peresenti: amene anatchuliratu mitengo analowa m'thumba mwawo. Mumapereka theka, ndikafika m'shopu ndimakutumizirani chithunzi ndi mtengo pa WhatsApp, mukavomera ndi pomwe ndimalipira.

Tsopano tembenuzani sipikayo muone pa maginito. Pamakhala kapepala kolembedwa 4Ω kapena 8Ω. Ngati kanamatuka, pitani nayo kwa okonza mawailesi mumsika ayikepo mita. Musadabwe mita ikawerenga zochepa. Sipika ya ma ohm 4 imaonetsa 3 ndi kadontho, ya ma ohm 8 imaonetsa cha m'ma 6, chifukwa mita imayeza waya wa koilo sipika ili chete, pomwe ikamaimba nambalayo imakwera ndi kutsika molingana ndi mawu. Muwerengenso malo omangapo mawaya. Akakhala awiri, wofiira ndi wakuda, koilo ndi imodzi ndipo nkhani yatha. Akakhala anayi ndiye kuti makoilo ndi awiri, monga zimakhalira sipika zambiri za m'galimoto zomwe mumaziona ku msika wa Taifa. Apa ndi pomwe anthu amaotchera ndalama. Makoilo awiri a ma ohm 4 mukawamanga motsatizana, wakuda wa koilo yoyamba kulowa pa wofiira wa yachiwiri, mumapeza ma ohm 8. Mukamanga wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, mumapeza ma ohm 2. Sipika yomweyo, mawaya omwewo, koma ampu ikuona katundu wosiyana kanayi.

Ma ohm akamachepa, sipika imakoka magetsi ambiri. Tinene kuti ampu ikutulutsa ma volt 40. Pa ma ohm 8 ikupereka ma ampere 5, omwe ndi ma watt 200. Pa ma ohm 4 ndi ma ampere 10, ma watt 400. Pa ma ohm 2 sipika ikufuna ma ampere 20. Pa pepala zikukoma, mphamvu ikungowirikiza, koma ma ampere amenewo akudutsa m'matiransisita ndi m'thiransifoma zomwe zili ndi malire ake. Zili ngati wa Sacramento, wa kabaza wa njinga, amene mwamukwezera anthu awiri ndi thumba la chimanga: pachidikha apalasa ndithu, koma pachitunda tcheni chiduka. Ampu yabwino ikatentha imadzizimitsa yokha, kanyali kofiira n'kuyaka. Yotchipa imangonunkha.

Kuseri kwa ampu iliyonse yolongosoka, pafupi ndi pomangira mawaya a sipika, amalemba ma ohm ochepetsetsa omwe imalola, monga 4–16Ω. Lamulo ndi lakuti ma ohm a sipika asatsike kupyola nambala yoyambayo. Kukwera palibe vuto, sipika ya 8 pa ampu yolola 4 imaimba bwinobwino, kungoti mphamvu imachepa. Chenjerani ndi kaswitchi kolembedwa bridge, kophatikiza mbali ziwiri za ampu kuti ziyendetse sipika imodzi. Mukatero mbali iliyonse imaona theka la ma ohm. Ampu yolola ma ohm 4 mbali iliyonse imafuna sipika ya ma ohm 8 ikakhala pa bridge, ndipo mukaipatsa ya 4 mbali iliyonse ikunyamula 2. Ndinaona ampu ya bambo wina yomwe inagwira bwino kunyumba miyezi yambiri, kenaka anaibwereketsa ku chinkhoswe komwe anyamata anaimangirira mabokosi ena awiri pa mawaya omwewo. Itatsegulidwa, bolodi inali yakuda pozungulira matiransisita ndipo fyuzi anali ataikulunga ndi waya kuti isamaduke. Fyuzi ikamaduka ikukuuzani kuti katundu wachuluka, si yoilimbitsa ndi waya.

Za ma watt, musawerenge zolembedwa pa katoni. Manambala akuluakulu a 3000W kapena 5000W okhala ndi malembo a PMPO alibe ntchito. Yomwe timafuna ndi RMS, mphamvu yomwe ampu imatulutsa mosalekeza, ndipo ikhale yotchula ma ohm ake, mwachitsanzo 300W RMS pa 4Ω. Ndikalowa m'shopu ndimapempha atulutse ampu m'katoni, ndimaitembenuza n'kuwerenga kapepala ka pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Ngati ampu imadya ma watt 150 kukhoma, singatulutse 1000 mosalekeza, chifukwa singapereke zomwe sinalandire. Ndimaonanso kukula kwa fyuzi, kenaka ndimati ailumikize ku sipika ya ma ohm ofanana ndi a kasitomala wanga, ndiike fulashi yanga ya mawu a besi, iimbe mphindi zingapo dzanja langa lili pa chitsulo chake choziziritsa. Wogulitsa akakana kuyesa ndimapita shopu ina, Kariakoo ndi yaikulu.

Ngati sipika yanu ndi ya 300W RMS, funani ampu yopereka pakati pa 300 ndi 450 pa ma ohm ake. Anthu amaopa ampu yaikulu, koma yaing'ono nayonso imapha sipika. Besi ikamaperewera munthu amakweza voliyumu mpaka kumapeto, ampu imafika pothera mphamvu n'kuyamba kutulutsa mawu ophwanyika, ndipo koilo imatenthedwa osapuma mpaka kupsa. Komanso musathamangire ma watt ochuluka zedi. Kuwirikiza mphamvu kawiri kumangoonjezera ma decibel 3, kusintha komveka koma kosadabwitsa. Pabalaza la nyumba zathu za ku Chibavi kapena ku Luwinga, ma watt 200 mpaka 300 enieni pa bokosi lokhomedwa bwino agwedeza mawindo ndi malata omwe.

Kwa inu ine ndingasankhe plate amp, yomwe imamangidwa pa bokosi lenilenilo mutaboola kumbuyo. Imalowa kukhoma mwachindunji, imalandira chingwe cha RCA kuchokera pa Sub Out, potulukira mawu a besi pa makina anu a mafilimu, ndipo ili ndi kotembenuza kosefa mawu kuti sipika izilandira besi yokha. Kaikeni pa 80 Hz poyambira (nambala ya Hz ikamachepa, mawu ndi otsika kwambiri), ndi pomwe makina ambiri a mafilimu amagawira mawu. Ngati makina anu amasefa okha, tembenuzirani ka pa ampuko kumapeto kuti musasefe kawiri. Zambiri za masiku ano ndi za Class D, zomwe zimapereka ku sipika mpaka 80 kapena 90 peresenti ya magetsi omwe zalandira, sizitentha kwambiri ndipo n'zopepuka. Kupepukako ine ndimakukonda, chifukwa ampu ya Class AB ya thiransifoma yaikulu imadya ndalama ya kunyamula ndipo ikagwetsedwa pokweza m'basi, kulemera kwakeko kumathyola zam'kati. Ampu zikuluzikulu za m'tchalitchi ndi za ma DJ zili ndi mphamvu zoona, koma fani yake imalira nthawi zonse, filimu ikafika pachete mudzaimva, ndipo zambiri zilibe chosefera besi.

Ampu ya m'galimoto ndi yomwe ambiri amandituma chifukwa ndi yotchipa ndipo zambiri zimalola ma ohm 2. Vuto lake imafuna ma volt 12. Kuti itulutse ma watt 500 imakoka ma ampere pafupifupi 50, ndipo kachaja ka batire kapena kabokosi ka magetsi kochotsa mu kompyuta yakale sikangakwanitse. Besi ikagunda magetsi amagwa, ampu n'kuzima. Mukaonjeza mtengo wa power supply yokwanira, yosandutsa magetsi a kukhoma kukhala ma volt 12, kutchipa kuja kwatha. Pomwe ndimavomereza ndi pomwe munthu ali kale ndi sola ndi batire yaikulu. Pamenepo ampu ya m'galimoto ndi nzeru, imaimba ngakhale magetsi atathima, bola waya wochokera ku batire akhale wonenepa, waufupi, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batireyo.

Simunandiuze ngati bokosi lanu ndi lotseka kapena lili ndi bowo lotulutsira mphepo. La bowo limapereka besi yambiri, koma mawu akatsika kupyola pomwe bowolo linachunidwa, sipika imangovina popanda choigwira. Mafilimu ali ndi mawu otsika kwambiri otere, a mabomba ndi mabingu, kuposa nyimbo zambiri. Ngati lanu ndi la bowo, ampu ikhale ndi subsonic filter yodula mawu a pansi pa 20 kapena 25 Hz. Lotseka limadziteteza lokha ndi mpweya wa m'kati, koma limafuna ma watt ochulukirapo.

Magetsi a ku Tanzania ndi ofanana ndi athu, ma volt 230, ndiye za ku Kariakoo zimangolowa. Zosamala nazo ndi zakale zochokera ku America kapena ku Japan zomwe zimabwera m'makontena, chifukwa za ku America ndi za 120 ndipo za ku Japan ndi za 100. Zina zili ndi kaswitchi kosinthira kuseri, zina zilibe. Mugulenso gadi yoika pasoketi, yomwe imachedwetsa magetsi akabwera atathima, chifukwa ndi nthawi imeneyo pomwe zoimbira zambiri zimafera.

Ndiye musanabwere ndi ndalama, nditumizireni chithunzi cha maginito a sipikayo, nambala yomwe mita yawerenga pa koilo iliyonse, miyeso ya bokosi ndi ya bowo lake ngati lilipo, komanso chithunzi cha kuseri kwa TV kapena makina omwe mukufuna kulumikizako. Ngati makoilo ndi awiri a ma ohm 4, musamange kaye, chifukwa plate amp zambiri zimalola 4 kupita m'mwamba, ndiye tidzaimanga motsatizana pa 8 ndipo ndidzafuna ampu yopereka ma watt okwanira pa 8 pomwepo.