Pampu ya oyilo pa boti la jeti: ichotsedwe kapena ikhale?

Bambo wina wa ku Mangochi wandilembera kalata. Wagula boti lakale la Sea-Doo kuchokera ku South Africa, la m'zaka za m'ma 1990, lokhala ndi injini ya two-stroke ya Rotax 717. Makaniko wa kugombe wamuuza kuti achotse pampu ya oyilo, azingosakaniza oyiloyo mu petulo monga amachitira asodzi pa mainjini awo a Yamaha Enduro. Funso lake n'lakuti amvere kapena ayi.

Bambo, ine ndikuti pampuyo musaichotse. Koma makaniko wanuyo sakulota, ndipo ndikufuna mumve kumene mantha ake akuchokera.

Injini ya two-stroke ilibe posungira oyilo pansi pake ngati ya galimoto. Oyilo amalowa limodzi ndi mpweya ndi petulo, n'kunyowetsa mabering'i, pisitoni ndi khoma la silinda, kenako n'kupsa. Akangosiya kufika, injini yothamanga kwambiri sichedwa: pisitoni imatentha, kufufuma, n'kugwira. Mukasakaniza nokha m'chigubu, mumadziwa kuti bola petulo akulowa, oyilonso akulowa. Pampu ikagona pa ntchito simuona chilichonse mpaka injini itazima pakati pa nyanja. Amene anaonapo pisitoni yokalikakalika chifukwa cha zimenezi sakhulupiriranso pampu, ndipo sindimudzudzula.

Chomwe ambiri safufuza n'chakuti chinalephera kwenikweni n'chiyani. Mapampu a kampani ya Mikuni amene ali pa mainjini amenewa ndi achitsulo, ali ndi zoyenda zochepa, ndipo moyo wawo wonse amakhala m'oyilo. Safa wamba. Chimene chimapha injini ndi timapaipi tiwiri tating'ono tochoka pa pampu kupita polowera mpweya. Tapulasitiki timeneti takhala pa kutentha zaka zoposa 20. Kagwireni ndi zala, kapindeni pang'ono: katsopano kamafewa, kakale kamauma gwa ndipo nthawi zina kamathyokera m'manja. Kena kamang'ambika penipeni pamene kavalira pa kamphuno kachitsulo, mobisika ndi utoto, oyilo n'kumadonthera pansi pa boti mwini wake osadziwa. Enanso mwa olakwa ndi sefa ya oyilo yotsekeka, kebulo ya pampu yosayikidwa bwino, ndi mpweya wolowa m'paipi thanki ya oyilo ikauma. Zonsezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi crankshaft, chitsulo chachikulu cha m'kati mwa injini chimene mapisitoni amazunguza.

Ubwino wa pampu ndi woti imapereka oyilo motengera mmene mwatsegulira mafuta. Boti likuyenda pang'onopang'ono pafupi ndi gombe, oyilo amalowa wochepa, mukalitsegula, amachuluka. Wosakaniza m'thanki alibe mwayi umenewo. Muyeso ndi umodzi tsiku lonse, ndipo uyenera kukhala wokwanira liwiro lapamwamba, choncho mukamayenda pang'ono injini imamwa oyilo wopitirira. Zotsatira zake ndi utsi, mapulagi akuda onyowa, ndalama zambiri za oyilo, ndi oyilo wonyezimira wotsalira pamwamba pa madzi. Madziwo ndi omwe anthu akumwa ndi kusambamo, ndi omwe muli chambo ndi mbuna. Kwa ine chimenechi si chifukwa chaching'ono.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene injini yanu ikusiyana ndi ya asodzi. Rotax 717, monganso 587, 657 ndi 787, ili ndi rotary valve, kachimbale kozungulira kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya. Kachimbaleka kamayendetsedwa ndi magiya omwe ali pakati pa crankshaft, ndipo magiyawo amakhala m'kachipinda kawokawo kodzaza oyilo. Oyilo ameneyu amachokera ku thanki ya oyilo kudzera m'mapaipi awiri akuluakulu. Oyilo wosakaniza mu petulo safikako n'komwe. Makaniko wozolowera Enduro akazula pampu, thanki ndi mapaipi onse n'kunena kuti ntchito yatha, magiyawo auma, ndipo mudzatsegula injini yonse. Ngakhale mutasankha zosakaniza, thanki ya oyilo ndi mapaipi awiriwo sizichoka.

Kwa ena amene akuwerenga: ngati injini yanu ndi yobayira petulo ndi ma injector, timipope topopera petulo m'malo mwa kabuleta, monga Rotax 951 DI, 787 RFI kapena Mercury Optimax, nkhani yosakaniza iiwaleni. Petulo wake sadutsa mwa mabering'i, ndiye oyilo wothira m'thanki sangawafike.

Ndikanakhala inu, ndikanachita izi boti lisanakhudze madzi. Sinthani timapaipi tiwiri tija ndi tatsopano toonekera mkati, topirira oyilo, n'kutimanga bwino kumapeto konse. Ikani sefa yatsopano. Pa pampu pali sikuluwu yotulutsira mpweya; imasuleni mpaka oyilo azituluka wopanda thovu. Onani zizindikiro ziwiri, china pa kamkono ka pampu china pa thupi lake. Ziyenera kuyang'anizana pamene simunakhudze mafuta. Kenako, podzaza thanki ya petulo koyamba, thirani petulo wosakaniza pa 50:1 (magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo) kuti injini ikhale yotetezeka, muilize, ndipo ikulira pang'onopang'ono mukankhe kamkono ka pampu ndi chala mpaka kumapeto. Muona oyilo akukwera m'timapaipi pang'onopang'ono, mokankhakankha. Akakwera mbali zonse ziwiri, pampu ili moyo. Lembani mzere pa thanki ya oyilo, mudzaone ngati watsika mukabwerako ku ulendo. Poyesera kumtunda musaiwale kuti injini ya jeti imazizira ndi madzi omwe pampu ya jeti, ija yokankha boti, imakoka. Popanda paipi ya madzi musailize nthawi yaitali.

Mtundu wa oyilo nawo ndi nkhani. M'masitolo a kunyanja wopezeka kwambiri ndi wa mainjini opachika kumbuyo kwa boti, wolembedwa TC-W3. Opanga Rotax amafuna wolembedwa API-TC pa mainjini amenewa, ndipo amaletsa TC-W3. Musasakanizenso mitundu iwiri m'thanki imodzi, chifukwa ina ikakumana imaundana n'kutseka sefa. Ngati simukudziwa amene mwini wakale ankathira, khuthulani yense muyambe mwatsopano.

Nanga pampu ikapezeka kuti yafadi ndipo ina siikupezeka? Pamenepo sakanizani, palibe manyazi. Pa 40:1, chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 500 a oyilo. Pa 50:1, mamililita 400. Pa injini yothamanga ngati yanu ine ndingasankhe 40:1. Muziyeza ndi kapu yokhala ndi mizere, osati ndi maso. Thirani oyilo m'chigubu, onjezani petulo pang'ono, khutchumulani, kenako dzazani. Dziwaninso kuti oyilo akutenga malo a petulo m'timabowo ta kabuleta, choncho kabuleta yakuda kale imayamba kumana injini mafuta. Iyeretseni nthawi yomweyo. Ndipo petulo wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, amene amakoka chinyezi ndi kudya mapaipi akale a mafuta. Petulo wosakaniza musamusunge miyezi m'thanki.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa boti losakaniza si chitsulo ayi, ndi anthu. Mwanena kuti botilo lizinyamula alendo, ndipo anyamata anu azisinthana poliyendetsa. Tsiku lina wina adzabwera ndi chigubu kuchokera ku filing'i siteshoni, alendo akudikira padzuwa, n'kuthira poganiza kuti mnzake anasakaniza kale. Mukasankha njira imeneyi, lembani ndi penti pafupi ndi chivundikiro cha thanki muyeso wake, patulani zigubu zosakaniza zikhale za mtundu wawo, ndipo wosakaniza akhale munthu mmodzi.

Makaniko wanuyo mufunseni funso limodzi asanagwire sipanala: magiya a rotary valve azipeza kuti oyilo? Akayankha bwino, mutha kumusiyira injiniyo.