Kodi palibe lamulo loteteza nyumba zakale za mu Chipata?

FUNSO: Bambo Mkonzi, ndine mayi wa ku Kapata. Sitolo ina yakale m'tauni muno, ya njerwa zootcha ndi khonde lalikulu momwe atelala ankasokeramo, aigumula n'kumangapo nyumba ya magalasi. Kodi mwini malo angangogumula mmene wafunira?

YANKHO: Mayi, nanenso zimandiwawa. Makonde amenewa ndi omwe amatibisa padzuwa la mu Okutobala, amayi akusankha zitenje, mawilo a makina osokera akulira. Nyumba zatsopanozi sizisiyira wodutsa mthunzi.

Lamulo lilipo. Ndi la mu 1989, lomwe linakhazikitsa bungwe la boma loteteza zinthu zakale la National Heritage Conservation Commission. Limaletsa kugumula kapena kusintha nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1924 popanda chilolezo cha bungweli. Chipata ndi tauni yakale ndithu: idakali kutchedwa Fort Jameson inali likulu la dera la atsamunda la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911.

Povuta ndi apa. Nyumba yomangidwa pambuyo pa 1924, ngakhale agogo anu anagulamo mchere ndi palafini, siitetezeka yokha pokhapokha boma litailengeza kuti ndi chikumbutso cha dziko. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo malo a pakati pa tauni anthu akulimbirana. Mwini akawerenga lendi ya nyumba yosanja, khonde saliwonanso.

Mukaona malata otchinga azungulira nyumba yakale, musadikire. Ijambuleni, mupite ku khonsolo mukafunse ngati pali chilolezo, ndipo mulembere bungwelo pamodzi ndi anansi anu, mutchule zomwe akuluakulu akukumbukira za chaka chomwe inamangidwa.