Lionfish, mkunga ndi trigger mu thanki imodzi: zingatheke?

FUNSO: Ndili ndi thanki ya madzi amchere ya malita 200 momwe muli ma clownfish awiri ndi ma shrimp. Yatha zaka ziwiri ikuyenda bwino. Tsopano ndikufuna yachiwiri ya nsomba zolusa: lionfish, mkunga wa snowflake ndi Picasso trigger. Ndigule thanki yaikulu bwanji, ndipo ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Durban.

YANKHO: Achimwene, musanapite kokagula galasi, yambani mwaona msinkhu umene nsombazi zidzafike zikakula, osati mmene zikuonekera m'sitolo. Lionfish ya mtundu wa Pterois volitans imagulitsidwa ili ngati chala, koma imafika masentimita 35. Mkunga wa snowflake umafika 60 mu thanki, trigger pafupifupi 25. Ife tinganene kuti thanki ya masentimita 150 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kuya, yomwe imalowa malita 540, ndiye poyambira. Ikadzaza, kuphatikiza galasi ndi miyala, imapitirira makilogalamu 650, choncho choikapo chake chikhale cholimba ndiponso chosapendekeka, choima pa simenti.

Pa nsomba zitatuzo, chotsanipo imodzi. Trigger ili ndi mano odulira zigoba, ndipo zipsepse zazitali za lionfish, zomwe zimangoyandama pang'onopang'ono, zimaikopa. Imayamba ndi kubudula nsonga, mabala amalowa matenda, lionfish n'kubisala pakona osadyanso. Lionfish ndi mkunga zimakhalitsana bwino. Ngati mtima uli pa trigger, isungeni ndi mkunga, ndipo ilowe pomaliza, chifukwa ikayamba kulowa imatenga thanki yonse ngati yake. Ma clownfish ndi ma shrimp anuwo asayandikire n'komwe. Lionfish imameza chilichonse chokwana pakamwa pake, ndipo shrimp ndi nkhanu ndiye ndiwo za mkunga umenewu.

Nkhani yaikulu ndi zinyalala. Nsomba yodya nyama imameza chakudya chambiri nthawi imodzi n'kutulutsa ammonia, chinyalala chakupha nsomba, wochuluka m'maola otsatira. Ikani sump (thanki yaing'ono yosefera madzi) pansi pa thanki, ya malita osachepera 120, ndipo protein skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu) ikhale yolembedwa kuti ndi ya malita 1,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri madzi anu. Kathumba kosefera madzi olowa mu sump muzikachapa masiku atatu aliwonse, apo ayi zotsalira zimaolera momwemo ndipo nitrate, chinyalala chotsala ammonia akasweka, amakwera. Muzisintha madzi okwana malita 55 mpaka 80 sabata iliyonse kuti nitrate asapitirire 40 ppm (mamiligalamu 40 pa lita).

Sungunulani mchere wa m'thanki m'madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), pafupifupi magalamu 35 mpaka 38 pa lita, kufikira refractometer, choyezera mchere m'madzi, iwerenge 1.025. Kudzaza koyamba kukudyerani makilogalamu 20 a mchere. Kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 26, pH pakati pa 8.1 ndi 8.4. Madzi akaphwera ndi kutentha, muzithiramo opanda mchere, chifukwa mchere suuluka, umatsalira momwemo.

Thanki yanu yakale ikuthandizani apa. Ikani siponji mu fyuluta yake kwa masabata atatu kuti mukhazikike mabakiteriya osandutsa ammonia kukhala nitrite kenako nitrate, kenako muisamutsire ku yatsopano limodzi ndi miyala iwiri kapena itatu. Musatenge yambiri, mungafooketse yakaleyo. Madzi akale okha sathandiza kwenikweni, popeza mabakiteriyawa amamatirira pa zinthu. Thirani ammonia kufika 2 ppm ndipo muziyeza. Tsiku limene ammonia ndi nitrite zidzabwerere pa 0 m'maola 24, thanki yakonzeka kulandira nsomba. Kawirikawiri zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma mvereni choyezera, osati kalendala.

Miyala muiyale pagalasi penipeni musanathire mchenga, ndipo muimate ndi epoxy. Mkunga umakumba pansi, ndiye mwala wokhala pamchenga umagwa, mwina n'kuswa galasi. Kwirirani paipi ya PVC ya masentimita 5 m'mimba mwake kuseri kwa miyala, ikhale phanga lake. Chivundikiro chikhale cholemera ndi chopanda mpata, ngakhale podutsa mawaya, ndipo polowera madzi opita ku sump mutchinge ndi sefa. Mikunga yambiri siifa ndi matenda, imatuluka mu thanki n'kupezeka m'mawa itauma pansi. Hita ikhale mu sump, kutali ndi mano ndi khungu la nsomba. Gulaninso pampu ya mpweya ya mabatire: magetsi akazima, nsomba zazikulu ndi zimene zimayamba kubanika.

Nsomba iliyonse yatsopano ikhale payokha mu kathanki kena masabata anayi, ndipo maukonde ndi mapaipi a mathanki awiriwa asasakanikirane. Samalani ndi mankhwala a kopa: mkunga ndi lionfish sizipirira nawo bwino, ndipo m'thanki ya miyala musawathire konse.

FUNSO: Lionfish yanga ikukana chakudya cha mufiriji. Ndizingoipatsa ma goldfish amoyo? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Ayi, chonde. Goldfish ili ndi thiaminase, yomwe imawononga vitamini B1, ndipo mafuta ake si oyenera nsomba ya m'nyanja yamchere. Pakapita miyezi chiwindi chimadzaza mafuta ndipo nsomba imafooka. Yambani ndi tima shrimp tamoyo kwa masiku ochepa. Kenako bayani kachidutswa ka shrimp yaiwisi kapena squid pa kamtengo koonekera, mukagwedeze patsogolo pake ngati kamoyo. Ikakana, chotsani, mudikire masiku awiri. Njala ya masiku ochepa siipha lionfish yathanzi. Ikazolowera, muziidyetsa kawiri kapena katatu pa sabata, mosinthasintha zakudya, mpaka mimba ingotukuka pang'ono.

Poyeretsa thanki, dziwani pamene ili musanalowetse dzanja, chifukwa minga yake yapamsana ili ndi ululu. Ikakubayani, vulani mphete msanga dzanja lisanatupe, liviikeni m'madzi otentha amene mungapirire osapsa, pafupifupi madigiri 43, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo mupite kuchipatala akaone ngati munga sunathyokere mkati.