Kodi asayansi amaona bwanji zimene zikuchitika mkati mwa microwave?

Funso: Ndamva kuti akatswiri ena amapanga zinthu zolimba kwambiri pozitenthetsa ndi microwave, ndipo amaunika ntchitoyo ndi ma neutron ili mkati. N'chifukwa chiyani sangodikira kuti chinthucho chipse, kenako n'kuchiyeza? Wophunzira sayansi, Zomba.

Yankho: Mwafunsa bwino. Ng'anjo wamba imatenthetsa chinthu kuyambira kunja, monga momwe moto umaotchera njerwa, ndipo kupanga zinthu ngati silicon carbide, chinthu cholimba kwambiri chopangidwa ndi silicon ndi carbon, mwa njira imeneyi kumatenga maola ambiri. Mafunde a microwave amalowa m'chinthucho n'kuchitenthetsa kuchokera mkati, kotero kuti ntchito imatha m'mphindi zochepa. Liwiro limeneli ndilo limabweretsa vuto, chifukwa amene wayeza pamapeto pokha sangadziwe zimene zinayamba kupangika n'kuzimiririka panjira, ndiponso sangadziwe kuti kutentha kunafika pati.

Ma neutron, tizigawo ting'onoting'ono topezeka m'phata (pakati) la atomu, amene James Chadwick anawatulukira mu 1932, alibe mphamvu ya magetsi, choncho amadutsa khoma lachitsulo lotsekera mafundewo, pamene kuwala wamba kwa X-ray kumalephera kulipyola. Akagunda phata la maatomu amamwazika motsatira dongosolo limene maatomuwo akhalira, ndipo makina ojambula amasonyeza dongosololo likusintha chinthucho chili pamoto. Amaonetsanso bwino maatomu opepuka monga hydrogen ndi lithium, zomwe n'zofunika kwa ofufuza za mabatire. Clifford Shull, mmodzi mwa amene anayambitsa njirayi ku Oak Ridge m'dziko la America, analandira mphoto ya Nobel mu 1994.

Phindu lalikulu, m'kuona kwathu, lili pa kuyeza kutentha. Choyezera chachitsulo chikaikidwa mkati chimasokoneza mafundewo, ndipo choyezera cha kunja chimangoona pamwamba pokha. Koma chinthu chikatentha maatomu ake amatalikirana pang'ono, ndipo ma neutron amayeza mpata umenewo, kotero kuti chinthucho chimadziulula chokha kutentha kwake. Izi zimathandiza pa mkangano wakale, woti kaya microwave ili ndi mphamvu ina yapadera yofulumizitsa ntchito kapena ndi kutentha chabe kumene sikunayezedwe bwino.

Kafukufuku wotere amachitikira kumalo ochepa okhala ndi ma neutron ambiri, monga malo ofufuzira a ISIS ku Oxfordshire m'dziko la England ndi Institut Laue-Langevin ku Grenoble m'dziko la France. Mukafuna kuphunzira luso lounika ndi ma neutron kufupi ndi kwathu, makina ake alipo pa SAFARI-1, ng'anjo ya nyukiliya yochitira kafukufuku, ku Pelindaba, m'dziko la South Africa.