Musalembe kaye wa makompyuta, ndiuzeni amene anasainira jenereta

Funso: Zikomo alangizi. Ndili ndi kampani ya nthambi zinayi, ogwira ntchito pafupifupi 30. Malaputopu, mafoni, mapurinta ndi majenereta amangoyendayenda m'nthambimu ndipo zina sizikupezeka. Ndikufuna mnyamata wa makompyuta atipangire pulogalamu yolondolozera katunduyu. Tiyambire pati, komanso ndingatenge ngongole yolipirira ntchitoyi?

Yankho: Mayi, za ngongolezo ayi, tizichotseretu panjira. Kalata ngati yanuyi ndimalandira kawirikawiri ndipo nthawi zonse anthu amafunsa za pulogalamu, palibe amene amafunsa kuti kodi purinta ikamachoka nthambi ina kupita ina amalemba ndani. Pulogalamu imangosunga zimene munthu waiuza basi. Ngati lero anthu anu salemba papepala, mawa sadzalembanso mu kompyuta, kungoti bodzalo lizidzaoneka bwino pa sikirini ndipo inu muzidzalipirira chiwongoladzanja.

Vuto lanu ndaliona m'chiganizo chanu chomwe, mukuti katundu ali "m'nthambi". Nthambi siisaina mayi. Nthambi simungaiitane muofesi nkuifunsa kuti foni ija ili kuti. Chinthu chilichonse cha kampani chikhale ndi dzina la munthu mmodzi, osati awiri, osati "a ku akaunti", munthu mmodzi amene anaika siginecha yake kuti ndalandira ndipo chili bwinobwino. Ngakhale jenereta imene aliyense amagwiritsa ntchito ikhale pa dzina la manijala wa nthambiyo. Akakana kusaina nde mwadziwiratu kuti pali nkhani.

Nde kaundula wake mumupange bwanji? Pulogalamu ya matebulo ngati Excel kapena Google Sheets ikukwanira, koma mukhale masamba awiri, apa mpamene ambiri amalakwitsa. Tsamba loyamba ndi la katundu weniweniyo, mzere umodzi chinthu chimodzi: nambala imene mwachipatsa inuyo, ndi chiyani, siriyo nambala ya kufakitale, tsiku logula, mtengo, ndi chithunzi cha lisiti chifukwa malisiti enawa amafufutika okha pakangopita miyezi. Foni ili ndi nambala yakeyake yotchedwa IMEI, ya manambala 15, mungoimba *#06# ituluka yokha, galimoto nayo ili ndi nambala yake ya chasisi. Manambala a kufakitalewa ndi amene amasiyanitsa laputopu yanu yatsopano ndi yachikale yofanana mtundu imene wina angakubwezereni mwakachetechete, zimachitika izi.

Tsamba lachiwiri ndi la mayendedwe, ndipo lamulo lake ndi limodzi, sitifufuta. Chinthu chikasuntha mumawonjezera mzere watsopano, tsiku, chachoka kwa ndani, chapita kwa ndani, chili bwanji. Anthu amakonda kungosintha dzina pa mzere wakale uja nkumati taikonza, ayi mwapha mbiri, tsiku limene chidzasowe simudzadziwa kuti chinadutsa m'manja mwa ndani. Komanso nambala ya chinthu musaikemo dzina la nthambi, chifukwa chikasamuka nambalayo iyamba kunama, ingokhalani 0001, 0002 kumapita choncho, ndipo nambala ya chinthu chimene chinatayidwa musaipatsenso china.

Katundu wambiri amasowera m'njira. Wotumiza akuti ndinapatsa dalaivala, wolandira akuti sindinaone kanthu, dalaivala akuti ndinasiya pa risepishoni. Nde fomu yosamutsira ikhale ndi masiginecha awiri, ndipo mpaka wolandirayo atasaina, chinthucho chidakali pamutu pa wotumiza. Mudzaona mmene anthu adzayambire kuimbirana mafoni okha kufunsa ngati zafika, inu osavutikanso.

Tsopano ndikufunseni zimene simunalembe m'kalatamu. Pa majenereta amene akusowawo, palibe ili kwa alamu anu? Laputopu ina sinapite kusukulu ndi mwana wa achemwali anu, "angogwiritsa ntchito temu ino yokha"? Ndikufunsa chifukwa m'makampani ambiri a banja woyamba kuphwanya kaundula amakhala mwini wake. Mumalowa muofesi Lachisanu madzulo, mwanyamula pulojekita, palibe angakufunseni poti ndinu bwana, ndipo ogwira ntchito amaona zonsezo, nde muwauza bwanji mawa kuti asaine fomu ya foni? Achibale sindikuti muwamane, ndikudziwa mmene zimavutira kukana, koma wobwereka aliyense alembedwe pa dzina lanu inuyo, ndi tsiku lobweza, mzere wake uoneke kwa akawuntanti ngati wa wina aliyense. Mukaona dzina lanu lili ndi zinthu zisanu ndi ziwiri zosabwezedwa manyazi okha adzakugwirani ntchito. Ndipo chimene chapita osabwerera chichotsedwe pa phindu lanu, chisalembedwe ngati chotayika cha kampani.

Tiwerengere mwachisawawa. Anthu 30, tingoyerekeza kuti zinthu zoyenera kulembedwa zilipo 80. Nthambi iliyonse ikamataya ziwiri pachaka ndi 8, chimodzi pa khumi chilichonse, pa zaka zisanu theka la katundu mwaligula kawiri. Komabe mizere 80 ndi ntchito ya masiku awiri ya munthu mmodzi woyenda ndi foni kujambula masiriyo nambala, nde mukatengere ngongole mizere 80? Ndipo musalembe chilichonse, mawaya, mamausi ndi machaja muwasiye, dulani malire a mtengo nokha, zotsika pamenepo ndi zogwiritsa ntchito nkutha. Kaundula amene amalemba mpaka sitepula amatopetsa anthu mwezi woyamba womwe nkusiyidwa.

Phindu lina limene simunaliganizire, a inshuwalansi zinthu zikabedwa amafuna umboni woti munali nazo, siriyo nambala ndi lisiti, ndipo obwereketsa ndalama mukati muike zipangizo ngati chikole adzafuna mndandanda womwewu. Akawuntanti wanunso amafuna tsiku logula ndi mtengo kuti awerengere kutsika kwa mtengo chaka ndi chaka, laputopu imene mwaiyikira zaka zinayi imataya kota ya mtengo wake chaka chilichonse m'mabuku.

Kuwerenga katundu kuzichitika miyezi itatu iliyonse, ndipo wowerenga asakhale yemwe amasunga kaundula kapena manijala wa nthambi yomweyo, tumizani wa nthambi ina, osalengeza tsiku. Aone ndi maso, agwire, afananize nambala. Wosiya ntchito naye abweze zonse zili pa dzina lake asanatsanzike, osati muzikamusaka atapita.

Mnyamata wa makompyuta uja ntchito ilipo yake koma yaing'ono, akutsekereni tsambalo kuti osintha akhale munthu mmodzi kapena awiri ena azingoona, ndi kusindikiza masitika a QR, aja owerengedwa ndi kamera ya foni, omata pa katundu. Zinthu zikadzafika mahandiredi angapo, pali mapulogalamu opangidwa kale monga Snipe-IT, yaulere, angokuikirani, palibe chifukwa chopangitsa yanuyanu kuyambira pansi kenako mnyamatayo akapeza ntchito kwina inu nkutsala ndi chinthu chimene palibe wina akuchidziwa.

Chomaliza ndi mawu oti "inawonongeka". Mudzawamva kwambiri mukangoyamba kuwerenga. Foni ikafa mtembo wake uoneke, ubwere ku likulu, nambala ifananizidwe, inuyo musaine kuti ichotsedwe m'kaundula kapena igulitsidwe, ndipo ngati ndi laputopu zonse za kampani zifufutidwe kaye isanatuluke pakhomo.