Mphwanga, za interface zija usachite

Ee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti mu pulogalamu ya Java ya kalabu ya alimi a mtedza ija, mawu akuti "PAID" ndi "MWK" ukuwalemba mobwerezabwereza m'makalasi atatu, ya Mlimi, ya Malipiro ndi ya Lisiti, ndiye ukufunsa ngati ungawaike mu interface imodzi kuti makalasi onsewo achite implement. Ayi, usatero. Compiler, pulogalamu yomasulira kodi yako kuti kompyuta iyendetse, sikana, zigwira ndithu, koma interface ndi lonjezo la zomwe kalasi ingathe kuchita. Lisiti ikachita implement chifukwa chongofuna mawu awiri, ma constant (mawu a mtengo wosasintha) onse a mu interface imeneyo amasanduka ake, ndipo kalasi iliyonse yobadwa kwa Lisiti imawatengeranso. Tsiku lofuna kuwachotsa udzavutika.

Chita chonchi. Panga kalasi yakeyake, uitche Ndalama, ikhale final, constructor yake ikhale private kuti wina asapangemo object. M'katimo ulembe public static final String MALAWI, mtengo wake "MWK" (kwacha ya Malawi), kenako ZAMBIA, "ZMW" (kwacha ya Zambia). Ameneyu wa Zambia usamusiye. Kwathu kuno ku Mchinji wogula mtedza amatha kuchokera ku Chipata, wadutsa pa Mwami, iye akuti kwacha, mlimi nayenso akuti kwacha, koma ndi ndalama ziwiri zosiyana mphamvu. Lisiti ikasokoneza pamenepo, wolira ndi mlimi amene wapalira munda nyengo yonse. Ndiye paliponse uzingolemba Ndalama.MALAWI, wowerenga aona yekha komwe mawuwo achokera.

Koma "PAID" uja asakhale String n'komwe. Umupangire enum, mndandanda wa mayina okhazikika osankhapo, ilipo kuyambira Java 5, mu 2004. Ikamo SANALIPIRE, WALIPIRA_THEKA, WALIPIRA, basi. Ndi String, chala chikaterereka n'kulemba "PIAD", pulogalamu iyenda osadandaula, munthu woti analipira kale azioneka wangongole. Ndi enum, compiler ikugwira dzanja pomwepo.

Usapangenso fayilo imodzi yaikulu ya Constants yothiramo chilichonse, ngati nkhokwe yosakaniza chimanga, soya ndi mtedza. Za ndalama kwaokha, za malipiro kwaokha. Mawu ogwiritsidwa ntchito m'kalasi imodzi yokha akhale momwemo, private.

China choti uchenjere nacho, ichi chimapusitsa ambiri: Java imakopera mtengo wa static final String m'kalasi iliyonse yomwe yaugwiritsa ntchito pa nthawi ya compile. Ukasintha mtengowo n'kuchita compile kalasi ya Ndalama yokha, enawo atsalabe ndi wakale. Uzichita clean build, kutanthauza kuchita compile makalasi onse mwatsopano.



Mawu oti alimi aziwerenga pa sikirini, monga "Mwalipira, zikomo", amenewo si a mu kodi. Ukadzaipititsa pulogalamuyi pa Android uwaike mu fayilo ya strings.xml, Achichewa mu foda ya values-ny, foni izisankha yokha malinga ndi chilankhulo chomwe mwini wake anaika. Yamba ndi enum ija, kenako unditumizire kalasi ya Lisiti ndiione madzulo ano.